Mmene mungayendetsere mgwirizano wa magulu a zaluso ndi chikhalidwe m'chigawo chanu

Msonkhano wathu wachitatu unatha dzuwa lili paliwombo. Tikupinda mipando, pakhomo panatulukira mayi wina wachikulire, miyendo ili mbuu ndi fumbi, kope lili m'manja. Anali mtsogoleri wa gulu la zisudzo la kumalire kwenikweni kwa chigawo chathu. Ananyamuka kusanache, galimoto inawafera panjira, ndipo anafika ife titagawana kale maudindo, tsiku la chikondwerero titasankha, bajeti titaivomereza. Wapampando anawalandira mwaulemu: "Pepani mayi, mwatipeza titatseka. Koma musadandaule, zonse zimene tagwirizana tikutumizirani." Iwo anayankha motsitsa mawu kuti, "Zikomo bambo. Ndiye kuti ulendo wangawu unali wodzamva chabe." Atakhala pansi kuti apumeko anatsegula kope lija, ndipo ine amene ndinali pafupi ndinaona masamba atatu odzaza ndi maganizo amene anzawo anawatuma kudzanena.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa mgwirizanowo, kenako ndinakhala woyendetsa ntchito zake kwa zaka zingapo. Tinali magulu a oimba, ovina, a zisudzo, alakatuli, osema ndi oumba, kuphatikizapo sukulu ziwiri, laibulale ndi makhonsolo a m'chigawomo. Zambiri zimene ndilembe pano zinayambira pa kope lija. Mgwirizano wa chigawo chonse uli ngati madzi a mvula: mukausiya wokha umathamangira kotsika, ndipo kotsika kwake ndi kutauni yaikulu, kumene kuli holo, magetsi, banki ndi anthu ozolowera kulemba makalata opempha thandizo. Palibe amene amachita kukonza kuti zitero. Ntchito ya woyendetsa mgwirizano ndi kuwatchinga madziwo kuti alowe pansi paliponse, asakathere malo amodzi.

Yambani ndi miyendo

Musayambe ndi kuitanitsa msonkhano. Amabwera kumsonkhano woyamba ndi okhawo amene mumadziwana nawo kale, ndipo akangokhala pamipandoyo sadzachokapo. Tengani kope, muyende chigawo chonse kwa mwezi kapena iwiri, mukawapeze anthu pomwe amayeserera. Afunseni zinthu zosavuta: alipo angati, amakumana liti, anayamba chaka chanji, ali ndi zipangizo zanji, akusowa chiyani, ndipo ali ndi chiyani chimene angabwereke anzawo. Funso lomalizali ndi limene ambiri amaiwala. Gulu lililonse lili ndi kena kake. Lina lili ndi bwalo labwino, lina lili ndi munthu wodziwa kukonza zokuzira mawu, lina lili ndi gogo amene mutu wake ndi nkhokwe ya nyimbo zakale. Anthu akalowa mumgwirizano ngati odzalandira okha, sachedwa kukhumudwa. Akalowa atabweretsapo kanthu, amautenga ngati wawo.

Pochoka pagulu lililonse muzifunsanso kuti, "Kodi ndi ndaninso kuno amene ndiyenera kumuona?" Ndi funso limeneli limene linandifikitsa kwa anyamata ojambula zithunzi pa makoma amene sanali m'kaundula wa ofesi iliyonse, komanso kwa gulu la amayi oumba amene anali atagwira ntchito limodzi zaka zambiri popanda dzina.

Dziko la Brazil linachita zofanana ndi zimenezi pamlingo waukulu. Mu 2004, woimba Gilberto Gil ali nduna ya zachikhalidwe, boma linayambitsa ndondomeko ya Cultura Viva. M'malo moyamba ndi kumanga nyumba zatsopano za zaluso, linkafufuza magulu amene akugwira kale ntchito m'madera mwawo, n'kuwazindikira monga Pontos de Cultura, kutanthauza malo a chikhalidwe, n'kuwapatsa ndalama ndi zipangizo kuti apitirize zomwe ankachita. Mu 2014 ndondomekoyi inasanduka lamulo. Mfundo yake ndi yomwe ndikunena: luso lilipo kale m'midzi ndi m'makwalala, mgwirizano sukulibweretsa. Inu mukungolumikiza anthu amene sankadziwana.

Nkhanga zinapangana kusanache

Pepala la mgwirizano lilembedwe ndalama isanalowe. Ikangolowa, aliyense amawerenga chiganizo chilichonse akuyang'ana thumba lake. Pepalali lisatalike, masamba awiri kapena atatu ndi okwana, ndipo likhale m'chilankhulo chimene mamembala onse amamva. Ngati m'chigawo muli zilankhulo ziwiri, likhale m'zonse ziwiri, ndipo liwerengedwe mokweza aliyense asanasaine.

Mfundo yoyamba kulemba ndi ya mavoti: gulu limodzi, voti imodzi, kaya ndi khonsolo yokhala ndi antchito mazana, kaya ndi kwaya ya anthu khumi ndi awiri. Akuluakulu adzatsutsa, adzati ifeyo ndiye tikuika zambiri. N'zoona akuika zambiri, ndipo muwathokoze poyera, koma mawu awo ndi olemera kale ngakhale opanda voti yachiwiri. Lembaninso chimene aliyense akulonjeza kuika, kaya ndi ndalama, holo, galimoto kapena nthawi ya wantchito wake, ndipo chilembedwe mooneka: "holo masiku anayi pa chaka" ndi lonjezo, "tidzathandiza pa malo" ndi mphepo. Lembani mmene gulu lingalowere, mmene lingatulukire popanda chidani, ndi amene mudzapiteko mukasemphana maganizo. Maudindo akhale ndi malire a nthawi, zaka ziwiri mwachitsanzo, ndipo wapampando ndi msungichuma asachokere dera limodzi.

Chifukwa cha mayi aja tinawonjezera mfundo zitatu. Misonkhano izizungulira madera onse, osangokhalira kutauni. Ndalama yoyendera ya nthumwi zakutali ikhale mzere woyamba m'bajeti, ndipo iziperekedwa ulendo usanayambe, chifukwa wopanda ndalama sangayambe wagwiritsa ntchito yake kuti adzabwezeredwe. Yachitatu, nkhani yaikulu isagamulidwe tsiku lomwe yatchulidwa koyamba. Nthumwi zipite nayo kwawo, zikamve za anzawo, idzagamulidwe msonkhano wotsatira. Zimenezi zimachedwetsa ntchito, ndikuvomera. Koma tsiku limene akhonsolo ndi aphunzitsi a kutauni anayenda ulendo womwe mayi aja ankayenda, n'kufika atatopa, fumbi lili m'maso, panalibenso wina amene anatsutsa za ndalama yoyendera.

Gulu la WhatsApp limathandiza kufalitsa uthenga, koma lisakhale bwalo logamulira nkhani. Amene ali ndi foni yabwino ndi netiweki yodalirika amalankhula usiku wonse, wakutali n'kudzatsegula patapita masiku atatu, zonse zitatha. Ndi msonkhano uja womwe unatha iye asanafike.

Ndalama

Apa ndiye pamene migwirizano yambiri imafera, choncho ndikhalitsapo.

Poyamba mgwirizano umakhala usanalembetsedwe mwalamulo, ndiye ulibe akaunti yakeyake. Njira yachidule ndi kupempha bungwe limodzi lalikulu kuti lisunge ndalamazo mu akaunti yake. Ife tinatero, ndipo zinatiwawa. Panalibe anaba. Kungoti ndalama yathu inalowa m'thumba limodzi ndi yawo, mwezi wina iwo anapanikizika ndi malipiro a antchito, ndipo titafuna kulipira ovina amene anali atagwira kale ntchito, tinauzidwa kuti tidikire. Tinadikira miyezi itatu. Ine ndi amene ndinkayankha mafoni a anthu amene anasiya ntchito zawo kudzavina. Ngati simungachitire mwina koma kusungitsa, pemphani kuti atsegule akaunti yapadera ya mgwirizano, ndipo sitetimenti ya kubanki izibwera pamsonkhano uliwonse, aliyense aigwire m'manja. Mukangotha kulembetsa, tsegulani yanu. Osainira akhale atatu ochokera m'magulu osiyana, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri.

Msungichuma wathu wachiwiri anali bambo wofatsa, woumba miphika ya maluwa, amene sanaphunzire zowerengera ndalama. Anali ndi kope lachikuto cholimba ndi botolo la guluu. Lisiti iliyonse ankaimata patsamba lakumanzere, kumanja n'kulemba tsiku, amene walandira, ndi chifukwa chake. Kumene kunalibe lisiti, monga kwa wopalasa njinga amene wanyamula ng'oma, ankalemba kapepala, wolandirayo n'kusaina kapena kudinda chala, pamodzi ndi mboni. Pamsonkhano ankaliika kopelo patebulo n'kunena kuti, "Akuluakulu, ndalama zanu ndi izi, aliyense aone." Owerengera ndalama amene anatumidwa ndi otithandiza anamaliza ntchito yawo m'mawa umodzi. Kompyuta ndi yabwino ngati ilipo, koma chofunika ndi chakuti membala aliyense athe kutsegula ndi kumvetsa.

Gawo lalikulu la ndalama lizipita kumagulu monga thandizo laling'onolaling'ono la ntchito zimene iwo asankha okha. Ku Queensland, m'dziko la Australia, kuli thumba lothandiza zaluso m'madera lotchedwa Regional Arts Development Fund limene linayamba mu 1991. Boma la chigawocho limaika ndalama, makhonsolo amaikanso zawo, ndipo zofunika kuthandiza zimasankhidwa m'maderamo. Chimene ndimakonda pa njirayi n'chakuti khonsolo ikaikamo yake, imakhala ndi chidwi choona kuti ntchito ikuyenda. Yesani zomwezo ndi makhonsolo anu, ngakhale chimene angaike chikhale chochepa.

Osankha opatsidwa thandizo akhale komiti yapadera, osati wopereka ndalama, osatinso inu woyendetsa. Maganizo amenewa ndi akale. Bungwe lothandiza zaluso ku Britain la Arts Council of Great Britain litakhazikitsidwa mu 1946, linayenda pa mfundo yakuti boma lipereke ndalama koma liime patali, lisamasankhe lokha kuti waluso uyu alandire, uyu ayi. Pamlingo wa chigawo mfundoyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa aliyense amadziwana ndi aliyense. Tsiku lina mkulu wina wa ofesi anandiimbira kuti gulu la mphwake lisaiwalike. Ndinatha kumuyankha mwaulemu kuti, "Bwana, ine sindisankha nawo, koma fomu ndikutumizirani." Pakanapanda komiti ija, sindikudziwa kuti ndikanalimba bwanji.

M'komitimo aliyense anene poyera ngati ali ndi chibale kapena ubwenzi ndi gulu lomwe likukambidwa, atuluke panja mpaka nkhaniyo ithe, ndipo mlembi alembe kuti anatuluka. Fomu yopemphera ikhale ya tsamba limodzi: mukufuna kuchita chiyani, ndi ndani, liti, pa ndalama zingati. Amene sangathe kulemba aloledwe kufotokoza pakamwa, wina alembe, kapena atumize mawu ojambula pafoni. Fomu yaitali imayesa luso la kulemba fomu, ndipo woimba wabwino kwambiri m'chigawo akhoza kugwa mayeso amenewo. Ndalama iperekedwe kawiri, gawo lalikulu poyamba, lotsala akabweretsa malisiti ndi kufotokoza mmene zayendera. Amene sanapatsidwe muwauze chifukwa chake, pamaso kapena pafoni, ndi chimene angakonze. Ndi ntchito yowawa, koma gulu limene langomva mphekesera kuti lagwa silibweranso, ndipo limapita likunena kuti kumeneko n'kokondera.

Mndandanda wa opatsidwa ndi kuchuluka kwa ndalama zawo uzimatidwa poyera. Chaka chilichonse ikani mapu a chigawo patebulo, mulembe kadontho paliponse pamene ndalama yapita. Madontho akaunjikana malo amodzi, madzi aja ayambanso kutsetsereka.

Zipangizo zobwerekana

Chinthu choyamba chimene tinagula limodzi chinali zokuzira mawu, maikolofoni anayi ndi jenereta. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, maikolofoni anatsala awiri, sipika imodzi inkalira ngati njuchi, ndipo palibe ankadziwa kuti zinaonongekera kwa yani. Kuyambira pamenepo chipangizo chilichonse, ngakhale chingwe, tinachilemba nambala ndi penti. Tinagula kaundula. Wobwereka ndi wosunga amayatsa zonse pamodzi potenga, n'kusaina, ndipo amayatsanso pobweza. Gulu lililonse linasankha munthu mmodzi amene anaphunzitsidwa kulumikiza ndi kuzimitsa mwadongosolo, ndipo ndi yekhayo amene amagwira. Wobwereka amaikako kandalama kochepa kopita m'thumba lokonzetsera. Zipangizozo zisamagone kutauni nthawi zonse. Ife tinkazisuntha miyezi itatu iliyonse, kuti wakutali asamalipire ulendo wautali nthawi iliyonse akafuna kuchita chionetsero.

Za chikondwerero

Aliyense adzafuna chikondwerero chachikulu chaka choyamba. Ife tinachita, chinakoma, anthu anadzaza bwalo, ndipo chinadya pafupifupi ndalama yonse ya chaka m'masiku awiri. Miyezi khumi yotsatira tinalibe chochita. Ndikanayambiranso, ndikanayamba ndi maulendo ochezerana: gulu la kum'mawa lipite kumadzulo, ligone konko, liphunzitsane ndi eni dera, lichite chionetsero chimodzi pamodzi. N'zotsika mtengo ndipo ubale wake umakhalitsa. Chikondwerero chidzabwere chaka chachitatu, chizizungulira madera, ndipo musanayambe kukonza mugwirizane malire a ndalama imene chingadye.

Waluso alipidwe, ndipo luso lake lilemekezedwe

Pa zochitika zambiri mwini tenti amalipidwa, woyendetsa galimoto amalipidwa, wa jenereta amalipidwa, koma amene anthu abwera kudzaonera amauzidwa kuti apeza mwayi wodziwika. Zimenezi zimandipweteka mtima. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inavomereza kale mu 1980, pamsonkhano wake wa mumzinda wa Belgrade, mfundo zakuti waluso ndi wantchito woyenera kupindula ndi thukuta lake. Mgwirizano wanu ukhale ndi mlingo wa malipiro wogwirizana, wolembedwa, wofanana kwa wakutauni ndi wakumudzi, ndipo uwerengere masiku oyeserera, osati ola la pabwalo lokha. Ngati ndalama sikukwana, chepetsani zochitika.

Pa kujambula, pemphani chilolezo kaye, ndipo munene kumene zithunzi ndi mavidiyowo akupita. Kwa ana, chilolezo chichokere kwa makolo. Pali nyimbo ndi magule ena amene eni ake safuna kuti aonetsedwe paliponse kapena aikidwe pa intaneti, ndipo akakana, nkhani yathera pomwepo. Pangano la UNESCO la 2003 loteteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja, monga nyimbo, magule ndi miyambo, limaika eni chikhalidwe patsogolo pa nkhani zotere. Ife tinalakwitsapo: wojambula wathu anaika pa Facebook vidiyo ya nyimbo imene agogo ena anatiimbira tili tokha, monga mphatso kwa alendo. Tinaichotsa tsiku lomwelo, ndipo ndinapita ndekha kukapepesa. Anandilandira bwino, koma panatenga chaka kuti atiimbirenso. Chilichonse chimene mwajambula, eni ake alandire kope lawo.

Opereka thandizo

Musadalire mmodzi. Ndalama ya mamembala, ngakhale yochepa, ndi imene imayendetsa misonkhano pamene thandizo lina latha ndipo lina silinafike. Werengani bwino malamulo a thumba lililonse musanataye sabata mukulemba. Chitsanzo ndi International Fund for Cultural Diversity, thumba limene linabadwa kuchokera ku pangano la UNESCO la 2005 loteteza ndi kulimbikitsa zaluso za zikhalidwe zosiyanasiyana, ndipo linayamba kupereka ndalama mu 2010. Limathandiza maboma ndi mabungwe a m'maiko amene akutukuka kumene omwe anavomereza panganolo, mpaka madola 100,000 a ku America pa ntchito imodzi, ndipo mapempho a m'dziko amadzera ku komiti ya UNESCO ya dzikolo. Koma cholinga chake ndi kulimbikitsa ndondomeko ndi maziko a ntchito za zaluso. Pempho longofuna ndalama ya chikondwerero silipita patali kumeneko, pamene pempho lophunzitsa magulu kayendetsedwe ka ntchito zawo kapena lokonza ndondomeko ya zachikhalidwe ya chigawo likugwirizana ndi cholingacho.

Chenjeraninso ndi thandizo limene limabwera ndi uthenga wake. Bungwe likafuna sewero lophunzitsa za umoyo kapena za chilengedwe, palibe cholakwika, ndipo magulu amapezapo kangachepe. Koma ndinaona gulu labwino la zisudzo litaiwala kulemba nkhani zake, chifukwa zaka zitatu linkangosewera zimene lalamulidwa. Siyani gawo la ndalama loti magulu apangire zimene mtima wawo ukufuna, popanda wowauza mutu.

Polemba malipoti, werengani zoona. Ngati kunabwera anthu makumi atatu, lembani makumi atatu. Onjezani zimene nambala sizinena: ndani wabwera koyamba, ndi magulu ati amene ayamba kuyenderana okha popanda inu, ndi chiyani chinakanika. Wothandiza wanzeru amakhulupirira lipoti lokhala ndi zolephera kuposa losalala paliponse.

Woyendetsa

Mutu umodzi susenza denga, komabe mgwirizano wopanda munthu mmodzi woudzukira m'mawa umagona. Komiti ya anthu ongodzipereka imakumana, n'kugwirizana, aliyense n'kubwerera ku ntchito zake. Pakhale munthu wolipidwa, ngakhale masiku awiri pa sabata, woimba mafoni, wolemba mfundo za msonkhano n'kuzitumiza sabata isanathe, wokumbutsa amene analonjeza holo. Munthuyo asakhale ndi voti, ndipo gulu lake lisapemphe thandizo nthawi imene iye ali paudindo. Aziyankha ku komiti yonse, osati ku bungwe limene lamupatsa desiki.

Ngati munthuyo ndinu, yambani kukonzekera kuchoka kwanu kuyambira chaka choyamba. Manambala a foni a magulu asakhale mufoni yanu yokha. Mawu achinsinsi a imelo ndi a masamba a mgwirizano adziwike kwa wapampando ndi mlembi. Ulendo uliwonse muzitenga wachinyamata mmodzi wochokera dera lina, aone mmene mumalankhulira ndi akhonsolo, mmene mumapepesera, mmene mumawerengera zingwe pobweza.

Tsiku limene ndinatula udindo ndinapereka bokosi limodzi. Munali pepala la mgwirizano losainidwa, makope a msungichuma, kaundula wa zipangizo, mapu a madontho a chaka chilichonse, ndi kope langa loyamba la maulendo lija. Amene anandilowa m'malo anali mtsikana wa m'gulu la zisudzo la kumalire kuja, yemwe mayi aja anayamba kubwera naye kumisonkhano kuti aziwalembera. Msonkhano umenewo unachitikira kwawo, ndipo galimoto ya akutauni itachedwa panjira, wapampando anati tidikire mpaka afike.